Wometa Amene Anasinthitsa Mfuti ya Bambo Ake ndi Mpando

Panali munthu wina wometa tsitsi, ndipo amene anandiuza akuti izi zinachitikadi. Ankakhala ndi bambo ake okalamba komanso mlongo wake.

M'nyumbamo munali mfuti yachifefe yakalekale. Amene anayamba kusaka nayo anali agogo awo a mkuluyo, ndipo inkangochoka m'manja mwa bambo kupita kwa mwana. Inali itasiya kale kulira, thabwa lake litasalala ndi thukuta la anthu amene anatsogola.

Mkuluyo maso anali atafa, nzeru nazo zikuzilala ngati nyali yotha mafuta. Koma masana aliwonse mwana wawo wamkazi ankawakhazika pawindo n'kuwaikira mfutiyo pamiyendo. Akangoisisita, nkhope inkawala.

"Fatsani, ana inu," ankanong'ona. "Mame sanakamuke. Bambo anga ali patsogolopo, akundikodola. Taonani mphoyo ikumwa madzi."

Wometa ankaseka. "Mutigawireko mwendo, bambo."

"Iwe wa lumo? Nyama ingakuthawe poopa mpala!"

Akabwerako ku ulenje wa m'malotowo ankazindikira ana awo, kudya bwino, n'kugona ngati khanda.

Wometa naye anali ndi loto lake: mpando wachikopa wozungulira, ndi galasi loyambira pansi mpaka kudenga. Akamameta munthu pa benchi lake logwedera, maganizo ankauluka, n'kumadziona m'galasimo atavala zoyera mbee.

Tsiku lina kunabwera mlendo wonunkhira bwino kudzameta ndevu. Macheza atafika pa mfuti ija, mlendoyo anatukula mutu.

"Ine ndimatolera zinthu zakale. Ndikupatsani mpando ndi galasi, kuwonjezapo mfuti ina yonyezimira. Mkuluyo poti saona, adziwa bwanji?"

Mlongo wa wometa atamva anagwira pakamwa. "Achimwene, musayerekeze. Mfuti ija ndi ndodo ya bambo. Ndi imene imawabweza kwa ife."

"Chitsulo n'chitsulo, achemwali."

Anasinthitsa mlongo wakeyo ali kumsika.

Masana ake wometa anawaikira yekha mfuti yatsopanoyo. Mkuluyo anaisisita kuyambira kukamwa mpaka kuthako, n'kuinunkhiza.

"Ndi yabwino," anatero, "koma ndi ya eni ake."

Kenako anati, "Kwagwa nkhungu. Njira sindikuiona. Bambo andisiya."

Kuyambira pamenepo sanapitenso kunkhalango. Ankangokhala pawindo manja ali lende. Chakudya ankangochilawa. Anayamba kumuthokoza mwana wawo wamkazi mwaulemu ngati mayi wachilendo.

Wometa mpando unamuwawa. Anaimbira mlendo uja, foni osalowa. Anafunsa m'misewu, palibe womudziwa. Patapita miyezi, munthu wina amene ankamumeta anati anaona mfuti yotero pa malo ena odyera. Wometa anathamangira komweko, n'kuipeza itapachikidwa pakhoma, atayikulunga timagetsi tophethira. Mwini malowo anati anachita kugula. Wometa anagwada, kupempha, mpaka anapereka mpando ndi galasi lomwe.

Anafika kunyumba ali wefuwefu.

"Bambo, nayi mfuti yanu yeniyeni. Tiyeni kunkhalango."

Mkuluyo anabweza manja pachifuwa.

"Pepani, bambo, ndinu ndani? Chotsani chinthucho, chingapweteke ana anga. Akadali aang'ono, akusewera panja pomwepa."

Wometa anatembenukira kwa mlongo wake, koma iye anali atatuluka kale, akulira kuseri kwa chitseko. Mkuluyo anakhalabe ndi moyo kwa kanthawi, koma dzina la mwana wawo sanalitchulenso.

Phunziro: Chimene iwe ukuchiona ngati chitsulo chakutha, mwina ndi chingwe chomaliza chimene chagwira kholo lako. Usapusitse wokalamba poti saona, ndipo usamvere mlendo wa pakamwa potsekemera kusiya m'bale wako. Zina zikachoka zimabwerera mochedwa. Tumizirani abale ndi anzanu amene makolo awo akadali moyo, asadzalire ngati wometa uja.