Kwa Chimphepo

Ernesto anafika pa nyumba yakale ya Apwitikizi ali wefuwefu, chitini cha utoto wakuda chili m'manja. Zomwe anamva kusukulu zinali zoona. Chikwangwani chatsopano chinali chitazikidwa pabwalo: VILA SAMPAIO. Anachizika ndi anthu a kampani ina imene inkafuna kusandutsa nyumbayo malo ogona a madalaivala opita kumalire ku Cassacatiza. Iwo anali atapita kale. Pakhonde panatsala a Cipriano okha, mkulu wokonza njinga, akumata chubu.

Ernesto anali mphunzitsi wochokera ku Nsadzo, ndipo mbiri ya malo ano anali ataiphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Sampaio ndi mzungu amene analanda madimba a m'mbali mwa mtsinje, nakakamiza anthu kulima thonje. Wobweretsa lochepa ankamutupitsa zikhatho ndi thabwa lomenyera lotchedwa mbalamatodya mpaka kulephera kugwira khasu. Mu 1975 mzunguyo anathawa. Makamarada omenyera ufulu analowa, nafufuta dzina lake, malowo nakhala Chimphepo. Kwa Ernesto nkhani inali yoonekeratu: Chimphepo linali dzina lakunkhondo la msilikali amene anapirikitsa mzunguyo. Anapeka ndi nyimbo yomwe yomutamanda, ndipo ana ankaiimba chaka chilichonse pa tsiku la ufulu.

Ernesto anaviika burashi m'chitini. Anamata zilembo zija mwaukali mpaka utoto unamudonthera m'zigongono. Kenako analemba pamwamba pake, chilembo chilichonse chachikulu ngati mkono: CHIMPHEPO.

Mtima sunatsikebe. Anatembenukira kukhonde.

"A Cipriano, inu munaliko nthawi imeneyo! Anthu akuzika chonyansa ichi inu mukungomata chubu? Dzina la chilombo libwerere, la ngwazi yathu litayidwe kudzala?"

Mkuluyo anaika chubu pansi.

"Ngwazi iti, aphunzitsi?"

"Chimphepo!"

A Cipriano analavula malovu pafumbi.

"Nyimbo yanu ija ikayamba, ine ndimatseka chitseko. Simunandifunsepo chifukwa chake. Makamarada atafika anatisonkhanitsa pabwalo lomweli, nkutifunsa kuti ife eni ake, malo ano timawatchula chiyani. Tinayankha kuti kwa Chimphepo. Analemba, nakwera galimoto, osafunsanso kanthu."

Anatambasula dzanja, naloza zilembo zosauma zija.

"Chimphepo ndi Sampaio yemweyo. Tinkamutcha choncho chifukwa akangotulukira, mudzi wonse unkabalalika."