Namzeze Abwerera ku Beira

Padangokhala Namzeze, amene atakalamba anabwerera ku Beira, mzinda wachilendo umene ankaukonda kuposa kwawo. Pakhonde pomwe panali chisa chake anapezapo Khwangwala.

"Chokanipo!" anatero Namzeze. "Mzinda uno umadziwa ine."

"Tiyeni kumsika," anayankha Khwangwala. "Woyamba kuyankhidwa moni, malowa ndi ake."

Namzeze analonjera Nkhunda, bwenzi lake lakale. Nkhunda anayang'ana kumbali. Anayesa ena, onse anangoti zii. Khwangwala atangokhosomola, msika wonse unamulonjera.

"Ndalakwanji?" anafunsa Namzeze.

"Mutasowa zaka zonsezi osatumiza mawu, tinalira maliro anu, achimwene," anatero Khwangwala. "Tinakwirira thunthu la nthochi m'malo mwanu. Kuno akufa sitiwayankha moni."

Namzeze anayang'ana pansi. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma chithunzithunzi chake panalibe.