Mkwatibwi wa Ndevu

Dzuwa linkaswa mtengo tsiku limenelo ku nyanja ya Chiuta. A Bwanausi ankayenda pambuyo pa mwana wawo Umaru, bambo wa ndevu zake, atamuphimba ndi ambulera ya malemu mayi ake.

Mapiritsi a kolopromazini, amene ankakatenga ku chipatala cha ku Insaca, anatontholetsa mawu amene ankasokosa m'mutu mwa Umaru. Koma anamwino anachenjeza kuti khungu lake lizipsa msanga padzuwa. Thupi linamuuma, ndipo chaka chonse sanayankhe munthu pagulu.

Padoko asodzi anafa ndi phwete.

"A Bwanausi, mkwatibwiyu mukupita naye kwa yani?" anakuwa Husseini, akuyanika nsomba.

A Bwanausi anayang'ana mwana wawo mwankhawa. Mwanayu akakhumudwa, akadzitsekeranso m'nyumba.

Umaru anaima, nanyambita milomo yake youma.

"Kwa iwe ayi, Husseini. Bwato lako limalowa madzi ngati dengu."

Doko lonse linaseka, mpaka Husseini anakhala pansi atagwira nthiti. A Bwanausi anangotsokomola, napukuta m'maso ndi chisoti.

Kenako anabwerera kunyumba kukamutengera Umaru nkhafi yachiwiri ndi malaya a manja aatali, kuti akapalase naye bwato lawo.