Keke ya Nesta Yopanda Dzira

Tsiku lomaliza limene Yoram anaona mlongo wake Nesta ali moyo, anamupeza pakhonde ku Chikangawa, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, akulakalaka keke ya chokoleti. Koma apongozi ake a Nesta anali ataletsa mazira, ati wapakati akadya dzira mwana amabadwa wadazi.

"Ndiphika yopanda dzira, ndipo itupa," anatero Yoram.

"Iwe? Koleji inakukanika, ndiye keke?" Nesta anaseka.

Yoram anasakaniza fulawa, koko, shuga ndi mafuta, n'kuthiramo soda ndi chambiko. Anaika mphika pamakala, makala ena n'kuunjika pachivundikiro. Apongozi aja sanamuchotse diso, kuopa angazembetsemo dzira.

Atavundukula, keke inali itatupa mpaka kukamwa kwa mphika. Nesta sanadikire mpeni. Ananyema ndi zala, akuuzira.

Kenako Nesta anathokoza mlongo wakeyo m'Chitumbuka: "Yewo chomene, mudumbu wane. Mwanayu akabadwa uphikenso, ya mazira sikisi."

Lole ya matabwa yopita ku Boma inaliza hutala. Yoram anakwera, Nesta akumubayibitsa, pakamwa pali podzaza.

Linali Loweruka, pa 18 Juni, 1983.