Chakudya cha Masiku Makumi Atatu

Jela anafika pachipata cha nyumba ya malamulo thukuta lili kamukamu. Anabwera kudzaneneza mwamuna wake.

Mzinda uwu sunakhalepo ndi mfumu, ndipo unakula chifukwa chosakhulupirira munthu. Wolamulira ankakhala pampando mwezi umodzi, kenako kwawo. Mkulu wa linga la pachilumba, loteteza doko, nayenso mwezi umodzi. Ankamuyezera ufa, mafuta ndi nsomba zouma za masiku makumi atatu okha, kuti akayamba mtima wa ufumu njala imutsitse. Ndipo sankaloledwa kuchoka mpaka bwato la akuluakulu litabwera ndi womulowa m'malo.

Mwamuna wa Jela, Orsat, anapita kukakhala mkulu wa lingalo. Mwezi unatha. Panadutsanso masabata atatu, munthu osabwera.

Jela sanali mwana. Zonse ankaziona ali padenga poyanika zovala. Utsi wa kulinga unaleka kufuka masabata awiri apitawo, ndiye kuti bamboyo akudya kwina. Kwina kuti, ngati si m'zombo za Afalansa, alendo aja anapempha kungodutsa koma chaka chachiwiri chino akadali pompano? Asodzi atayandikira lingalo, Orsat anawaombera chipolopolo m'madzi. Lero m'mawa mbendera ya mzinda sinakwere kulingako. Basi, wagulitsa linga. Lamulo silinkanyengerera: nyumba ya woukira imagwetsedwa, ana n'kupirikitsidwa, pokhapokha a m'nyumbamo atamuneneza okha.

Ana analipo atatu. Jela anasankha ana.

Pachipata panali a Vlaho, mlonda wokalamba, akutafuna nkhuyu zouma. Kumbuyo kwawo, chingwe cha belu loitanira akuluakulu chinali chokulungidwa pamsomali, kangaude atamangapo.

"Ndilowetseni, a Vlaho. Ndikufuna akuluakulu."

"Moni kaye, mayi a kwa Orsat. Kapena moninso mumayeza wa mwezi umodzi?"

"Moniyo mudyere nkhuyu zanuzo. Galu uja wagulitsa linga. Alembe kuti ndanena ndine, ndi pakamwa pangapa, asadzandigwetsere nyumba."

A Vlaho analeka kutafuna. Anaponya diso kwa msilikali wa Chifalansa amene anatsamira chipilala tsidya la bwalo. Jela anaona. Eya, nayonso nkhalambayi ili momwemo.

"Nanunso akudyetsani, eti?"

"Tsitsani mawu, mayi."

"Nditsitse chiyani? Zaka khumi ndi zinayi ndikumuchapira malaya, kumusokera mabatani, iye ali phee kukonza zokakhala mfumu pamwala ngati nkhanu! Chokani apa."

Anawakankha n'kutsegula chitseko.

Akuluakulu analimo ndithu, m'mikanjo yawo yakuda, ali ndondondo pamabenchi. Koma patebulo panalibe pepala ngakhale limodzi. Mitsuko yoponyamo timipira ta mavoti inali chovundikira pakona. Ataona mayiyo, onse anazolika ngati ana ogwidwa akuba.

"Mabwana, ndabwera ndi mlandu," anatero Jela. "Mwamuna wanga..."

Palibe anadzutsa mutu. A Vlaho anamugwira pamkono, n'kuyankhula chapansipansi.

"Palibe woti amve mlandu muno, mayi. Mkulu wa asilikali a Afalansa anathetsa boma lathu masabata anayi apitawo. Awa amangovala n'kubwera kudzakhala, manyazi akuwakanikitsa kuuza anthu. Wotumiza bwato palibenso."

"Nanga Orsat anamuuza ndani?"

"Akanamuuza ndani? Bwato lopanda chidindo cha akuluakulu amaliombera, monga mwa lamulo. Akudikirabe womulowa m'malo."

Jela anakumbukira thumba la ufa lija, loyezedwa mpaka tsiku la makumi atatu. Anakumbukira utsi. Mwamuna wake sanagulitse linga. Lero m'mawa anangosowa mphamvu zokwezera mbendera.