Firiji Yoyenda

Firiji inkalira bwinobwino, koma mkati mwake munali mofunda ngati m'thumba la malaya. Mmisiri wokonza mafiriji analowetsamo dzanja n'kupukusa mutu. Pashelefu yapakati panali timabotolo ta mankhwala a shuga, tokulunga m'kansalu konyowa.

"Amenewo akatenthedwa ndiye kuti atha ntchito," anatero mayi wa panyumbapo. Sanadandaule. Anangonena ngati akuwerenga chikwangwani cha pamsewu.

Sanali wamkulu kwenikweni, koma maso ake anali a munthu amene anasiyana nato tulo kalekale. Anakhala pampando wa m'khitchini, manja ali pamiyendo, akuyang'ana khoma.

Mmisiriyo anayamba ndi zing'onozing'ono, poti pa ntchito yakeyi matenda ambiri amakhala a mwini firiji, osati a firijiyo. Pulagi inali bwino. Kopotokola koonjezera kuzizira kanali pamalo pake. Anapanitsa kapepala pachitseko cha firiji n'kukakoka, labala wa m'mphepete mwa chitsekocho n'kukagwira zolimba. Anagwada n'kusuzumira kumbuyo. Gasi analimo, koma kompuresa, kainjini kopopa gasiyo, inali yotentha yosagwirika, ikuchita befu.

Ali chigwadire choncho m'pamene anaona pansi. Mizere iwiri yakuya inachokera pamiyendo ya firiji, kudutsa khitchini yonse, mpaka pachitseko chotulukira panja. Nyumbayo inali ya chitseko chimodzi chokhacho, mawindo onse ali ndi zitsulo.

"Mayi, kodi firiji yanuyi imayenda?"

"Ndimaikoka."

"Nthawi zonse?"

"Ndikafuna kugona. Ndikafuna kusamba. Nthawi zina ndikangofuna kukhala pansi."

Nthenda inapezeka. Chingwe cha magetsi chinali chachifupi, chosafika kuchitseko. Ikakokeredwa kumeneko firiji inkakhala yozima, kenako n'kupendekedwa, kugwedezedwa, n'kuyatsidwanso mafuta a m'kompuresa asanakhazikike. Ngakhale galimoto ingakane ntchito yotere.

Anaimirira n'kuchiyang'anitsitsa chitsekocho. Chinali mabowo okhaokha, momwe munadutsa maloko osiyanasiyana. Panalibe loko yothyoledwa. Onse anachita kumasulidwa mwaluso, ndipo masikuluwu ake anali ndandanda pawindo, aakulu paokha, aang'ono paokha. Pamkono wa mayi uja panali mikwingwirima yakuda, ina yakale, ina yatsopano. Pamwamba pa firiji, cha kumbuyo kosaonekera, panali nsapato zachimuna zopolishidwa bwino.

Mmisiriyo sanafunikire womuuza. Walowa m'makhitchini ambiri, ndipo mlongo wake weniweni anakwatiwapo ndi mwamuna wotere, wofatsa pagulu, waukhondo, wopereka moni kwa aliyense, koma wankhanza m'nyumba. Anatsitsa mawu.

"Achemwali, pepani ndalowerera za eni. Kupolisi munapitako?"

"Amandidziwa kale. Akangondiona pakhomo amati, ayambanso?"

"Nanga loko yolimba? Ndili ndi mnzanga wowotcherera zitsulo."

"Palibe loko imene imawavuta. Ndi ntchito imene agwira moyo wawo wonse."

"Abale anu akuti chiyani?"

"Anatopa."

Anayankha zonsezi osaphethira n'komwe. Mmisiriyo anangochita zimene manja ake amadziwa. Anasesa fumbi lomwe linamatirira kumbuyo, anamangitsa mwendo umodzi womwe unkagwedera, n'kulumikiza chingwe chachitali chofika kuchitseko.

"Apa siizimanso," anatero. "Koma ndisakunamizeni. Mukapitiriza kuikoka uku ndi uku, kompuresa ifa, ndipo mankhwalawa apita nayo limodzi. Isankhireni malo amodzi."

Mayiyo anayang'ana timabotolo tija, kenako chitseko. Sanatenge nthawi.

"Ikhale pachitseko."

"Nanga inu muzitulukira pati?"

"Ndimapita kuti?"

Anagwirizana zoiyesa kaye pamalo atsopanowo. Mmisiri asanagwire n'komwe, mayi uja anali ataikumbatira kale firiji, mkono wa mikwingwirima uja uli pangodya penipeni pa firijiyo, n'kuyamba kuikwekweretsa motsata mizere yake. Anaisiyira mpata pang'ono kumbuyo kuti izipuma, ndipo anadikira kuti ikhazikike. Ataiyatsa inalira mofatsa, ndipo patapita kanthawi mpweya wozizira unayamba kumveka pashelefu yapamwamba. Mmisiri anamuuza kuti agwire aone. Mayiyo anagwira n'kungoti, "Chabwino."

Mmisiri akulongedza zida zake, kuchipinda kunamveka kukhosomola kwa mwamuna.

Mmisiri anasiya kulongedza. Mwini nsapato zija anali m'nyumba momwemo, ndipo iye anali atangothandiza kutseka khomo lokhalo lothawira. Anafumbata sipanala. Mayiyo sanatembenuke n'komwe.

M'khitchini munalowa nkhalamba ya imvi mbuu, itavala jekete ndi tayi, kumapazi kuli masokosi okha. M'dzanja inali itagwira supuni, chogwirira chake chili kutsogolo ngati sikuludiraiva. Inaima kutsogolo kwa firiji n'kuwerama mwaulemu.

"Zikomo mayi, mungandisunthireko chinthuchi? Mwana wanga wamkazi waweruka kusukulu, akundidikira pageti. Akakhala yekha amalira."

"Ndinafika kale, ababa," anatero mayiyo, akutsegula firiji n'kutenga kabotolo kamodzi. "Khalani pansi ndikubayeni jakisoni."