Mzungu wa Uchi Wanga

"Abwana anu alipo?" anafunsa mayi wina atatsika galimoto pabenchi yanga ya uchi pa Madisi. Anandionetsa foni. Webusaiti inali yanga, dzina langa lomwe, koma pamwamba pankamwetulira mzungu atanyamula botolo la uchi.

Webusaitiyo ndinaipanga ndekha, ndi kapulogalamu kongodina ndi chala. Ndinaikapo chithunzi changa, tsaya litatupa ndi mbola za njuchi za ku Ntchisi. Achimwene anga a Godwin ataiona anaseka.

"Izi n'za ana, Peggy. Bweretsa ndikukonzere ndi pulogalamu ya akatswiri."

Kukonza kwake kunali kumeneku.

"Mwini wake ndine," ndinamuuza mayiyo.

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. "Ayi, ndikufuna eni ake enieni."

Ndinadina foni yanga kuti ndichotse nkhopeyo. Inangondionetsa tizilembo tosamveka mutu wake. Ndinawaimbira achimwene.

"Usakhudze iwe, uwononga. Ndiona ndikapeza mpata."

"Ndiye mzungu wanuyo mumuuze," ndinakuwa, msika wonse ukumva, "mawa alawirire kukafula uchi. Nazo njuchi zikamuone bwana wawo!"